Chipolopolo Sichifunsa Dzina

Pa 14 February 2013, nthawi itangopitirira 3 koloko ya m'bandakucha, m'nyumba ina ya mumzinda wa Pretoria ku South Africa mudalira mfuti kanayi. Wowombayo adali Oscar Pistorius, katswiri wa liwiro amene dziko lonse lidamudziwa chifukwa chopikisana nawo pa masewero a Olympic ku London mu 2012 ali ndi miyendo yochita kupanga. Zipolopolo zinayizo zidaboola chitseko chotseka cha chimbudzi, ndipo zitatu mwa izo zidalasa bwenzi lake, Reeva Steenkamp, amene adamwalira usiku womwewo. Kubwalo la milandu Pistorius adati ankayesa kuti kuseri kwa chitsekocho kudali mbava imene idalowera pazenera la bafa. Mfuti yake idali ndi chilolezo cha boma, ndipo chilolezocho chidali choti azidzitetezera.

Mlanduwu udatha m'makhoti, koma funso limene udasiya likadali pakamwa pa anthu a m'dzikolo. Tsiku ndi tsiku amuna ndi akazi amalowa m'masitolo ogulitsa mfuti ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town ndi kufunsa kuti mfuti yoyenera kutetezera nyumba ndi iti, nanga zipolopolo zake zikhale za mtundu wanji. Ogulitsa amayankha mofulumira, pakuti ndiyo ntchito yawo, koma kawirikawiri yankho lawo limayang'ana munthu mmodzi yekha, mbava. Chikhalirecho mfuti yogulidwa chifukwa cha mbava imakakhala m'nyumba zaka zambiri pamodzi ndi mkazi, ana, alendo ndi antchito, ndipo usiku umene idzalire mwina kuseri kwa chitseko kudzakhala mmodzi wa iwowa. Wosankha mfuti mwanzeru ayenera kuwerengera anthu onsewa asadafunse za mphamvu ya chipolopolo.

Mantha ali ndi maziko

Si bwino kuyamba ndi kunyoza munthu wofuna mfuti, chifukwa mantha ake ali ndi maziko. Malinga ndi ziwerengero za apolisi a dzikolo, kuyambira April 2022 kufikira March 2023 anthu 27,494 adaphedwa, kutanthauza anthu pafupifupi 75 tsiku lililonse. M'miyezi yomweyo milandu yoposa 20,000 idali ya achifwamba amene adalowa m'nyumba eni ake ali momwemo ndi kuwalanda katundu mowaopseza. Ngakhale anthu otchuka sadapulumuke: Lucky Dube, woyimba amene nyimbo zake zidakondedwa kwambiri ku Malawi ndi ku Zambia, adawomberedwa ndi olanda galimoto ku Johannesburg mu October 2007 ana ake akuona. Alonda a makampani a chitetezo adapitirira 500,000, kuposa apolisi kutalitali, zimene zikusonyeza kuti aliyense wokhala ndi ndalama adaleka kudalira boma lokha. Mlimi wokhala kutali ndi polisi, kapena mayi wokhala yekha ndi ana, akamati apolisi amafika mbava zitapita kale, amanena zimene adaziona ndi maso. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Zimene lamulo limalola

Lamulo loyendetsa nkhani za mfuti ku South Africa, lotchedwa Firearms Control Act, lidakhazikitsidwa mu 2000 ndipo lidayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2004, m'malo mwa lamulo lakale la 1969. Malinga ndi lamuloli, boma limayamba lamuyesa munthuyo asadaloledwe kupita ndi mfuti kwawo. Ayenera kukhala wa zaka 21 kapena kuposa, nzika ya dzikolo kapena mlendo wokhala ndi chilolezo chokhazikika, wa maganizo angwiro, wosakhala kapolo wa mowa kapena mankhwala ozunguza bongo, ndiponso wopanda mbiri ya milandu ya chiwawa kapena ya nkhanza za m'banja. Ayeneranso kuphunzira lamulolo ndi kagwiridwe ka mfuti, ndi kukhoza mayeso ake. Akatero amalandira chikalata chomuchitira umboni kuti ndi woyenera, ndipo pamenepo m'pamene angapemphe chilolezo cha mfuti imene waisankha.

Gawo 13 la lamuloli ndilo limanena za mfuti yodzitetezera. Munthu amaloledwa imodzi yokha, ndipo asankhe pakati pa mitundu iwiri: mfuti yaifupi ya m'manja, kapena chifefe chimene sichidzilowetsa chokha chipolopolo china chikangolira. Chilolezocho chimatha pakapita zaka 5, ndipo mwini wake ayenera kupemphanso. Saloledwa kusunga zipolopolo zoposa 200 za mfutiyo. Amene angasonyeze kuti mitundu iwiriyi singamukwanire angapemphe chilolezo chapadera cha zaka 2 cha mfuti yamphamvu koposa, koma mfuti zolavula zipolopolo mosalekeza monga za asilikali n'zoletsedwa kwa wodziteteza aliyense. Choncho kwa anthu ambiri nkhani yonse ili pakati pa chifefe ndi mfuti yaifupi.

Chifefe kapena mfuti yaifupi

Chifefe ndi mfuti yaitali imene alenje amaidziwa bwino. Chipolopolo chake chimodzi chimanyamula tinjere ta mtovu tambiri: topherapo mbalame timakhala tating'onoting'ono mazanamazana, pamene ta nyama zikuluzikulu timakhala 8 kapena 9, kalikonse kukula ngati nandolo wamkulu. Anthu ambiri amakhulupirira kuti chifefe sichilira kulunjika poti tinjereto timamwazika. Zimenezi n'zoona kudambo kumene mbalame ili patali, koma m'chipinda cha mamita 4 kapena 5 tinjereto timafika tili pamodzi, pamalo osaposa chikhatho cha dzanja. Motero wowombera mumdima angathe kuphonya mbava, ndipo tinjere tonseto tikathera kumene iye sadafune. Chifefe chimafuna manja awiri, chimavuta kutembenuka nacho m'kanjira kopapatiza ka m'nyumba, ndipo chikalira chimakankha phewa mwamphamvu kotero kuti munthu wosazolowera amataya nacho mtima. Ubwino wake ndi wakuti n'chovuta kubisa. Mwana sangachiike m'chikwama cha mabuku, ndipo mbava singayende nacho mumsewu masana.

Mfuti yaifupi ilipo ya mitundu iwiri. Ina ili ndi kagudumu kozungulira kolowa zipolopolo 5 kapena 6, ndipo ndi yosavuta kuimvetsa. Inayo zipolopolo zake zimalowa m'chogwirira, nthawi zina zokwana 15 kapena kuposa, koma imafuna kuizolowera ndi kuisamala. Zonse ziwiri munthu angazigwire ndi dzanja limodzi, linalo litagwira tochi, foni kapena mwana, ndipo zimakwana m'kabokosi kachitsulo pafupi ndi bedi. Vuto lake ndi lakuti mfuti yaifupi ndiyo yovuta koposa kulasa nayo chinthu, pakuti mpope wake ndi waufupi ndipo dzanja la munthu wamantha limanjenjemera. Bungwe la RAND la ku America lidafufuza za apolisi a mumzinda wa New York, ndipo mu 2008 lidalengeza kuti m'zaka za 1998 mpaka 2006, apolisiwo akamawomberana ndi zigawenga, pa zipolopolo 100 zilizonse 18 zokha ndizo zinkalasa munthu wofunidwayo. Awa ndi anthu ophunzitsidwa ntchitoyo. Nanga bambo wodzidzimutsidwa kutulo, ali ndi tulo m'maso, angalase kangati, ndipo zipolopolo zophonyazo zingakathere kuti?

Za zipolopolo

Funso lotsirizali ndilo limafikitsa nkhani pa zipolopolo. Za mfuti yaifupi zimagawidwa kwenikweni pawiri. Choyamba ndi chija chokutidwa ndi mkuwa mpaka kunsonga. Chimenechi chimaboola thupi ndi kutulukira kwina chikadali ndi mphamvu yopha munthu wachiwiri. Chachiwiri ndi chobooka kunsonga, chimene chikalowa m'thupi chimatambasuka ngati bowa, chimasiya bala lalikulu, ndipo chimaima msanga. Zipolopolo zotambasuka zidatchuka m'zaka za m'ma 1890 pamene Angerezi ankazipanga pa fakitale ya Dum Dum pafupi ndi Calcutta ku India, ndipo mu 1899 maiko osonkhana ku The Hague adagwirizana zoziletsa pankhondo chifukwa cha kuopsa kwa mabala ake. Komabe apolisi a maiko ambiri amagwiritsa ntchito zomwezo, pa chifukwa chakuti siziboola n'kukalasa wodutsa m'njira, ndipo ku South Africa munthu wachilolezo amaloledwa kuzigula. Apa wosankha ali pamphambano yovuta: chipolopolo chimene chimachepetsa ngozi kwa mnansi ndicho chimachepetsanso mwayi wopulumuka kwa amene chamulasa, kaya ndi mbava kaya ndi mwana wa m'nyumbamo.

Ena amafunafuna chipolopolo chimene chingagwetse mbava koma n'kulephera kuboola chitseko. Mbiri ya apolisi a FBI ku America ikusonyeza chifukwa chake chotere sichipezeka. Pa 11 April 1986 apolisiwa adawomberana ndi achifwamba awiri mumzinda wa Miami, ndipo awiri mwa apolisiwo adaphedwa ndi munthu amene adali atalasidwa kale ndi chipolopolo chimene sichidalowe mokwanira. Zitatero bungwelo lidakhazikitsa muyeso wakuti chipolopolo chodalirika chizilowa masentimita 30 mpaka 46 m'phala louma lofanana ndi mnofu wa munthu, limene amayesera zipolopolo. Opanga zipolopolo zodzitetezera amatsata muyeso umenewu. Tsono chinthu chokhoza kulowa masentimita 30 m'thupi la munthu, chouluka mamita oposa 300 pa sekondi imodzi monga chimachitira chipolopolo cha 9mm, sichingaletsedwe ndi chitseko cha matabwa, galasi la zenera kapena lata.

Pachifukwa ichi mamangidwe a nyumba ali mbali ya chisankho. Khoma la njerwa limaimitsa zipolopolo zambiri za mfuti yaifupi, koma zitseko ndi mazenera sizitero. M'madera a anthu osauka ozungulira mizinda ya South Africa, kumene mabanja amakhala m'tinyumba ta malata totchedwa mikhukhu, tomangidwa mogundana, chipolopolo chimodzi chophonya chingapyoze nyumba ziwiri kapena zitatu. Kumeneko ndiko umbanda uli wochuluka, ndiponso ndiko mfuti yodzitetezera ili yoopsa koposa kwa anansi.

Kuseri kwa chitseko

Lamulo la South Africa limalola munthu kudziteteza, ngakhale mpaka kupha, koma pali malire. Chiwembucho chiyenera kukhala chitayamba kapena chili pafupi kuyamba, kudzitetezako kukhale kofunikadi, kulunjike kwa wochita chiwembuyo, ndipo kulingane ndi kukula kwa ngoziyo. Mu 1995 Bwalo la Malamulo Aakulu a dzikolo lidathetsa chilango cha imfa pa mlandu wa Makwanyane, ndipo malamulo aakulu a 1996 adatsimikiza kuti aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi moyo. Ngati boma lenilenilo silingaphe munthu wopezeka wolakwa, n'kovuta kuti mwini nyumba akhululukidwe atapha munthu amene akuthawa ndi wailesi.

Pa mlandu wa Pistorius, woweruza Thokozile Masipa adagamula mu September 2014 kuti iye adapha munthu mosasamala, ndipo adamulamula kukakhala kundende zaka 5. Boma lidachita apilo, ndipo mu December 2015 Bwalo Lalikulu la Apilo lidasintha chigamulocho kukhala cha kupha mwadala. Mfundo yake njofunika kuti aliyense wosunga mfuti aidziwe. Bwalolo lidati dzina la munthu amene adali kuseri kwa chitseko lidalibe kanthu. Pistorius adadziwa kuti m'kachipinda kakang'onoko mudali munthu wopanda kothawira, adadziwa mphamvu ya mfuti yake, ndipo munthuyo sadamuopseze mwa njira iliyonse. Bwalolo lidatchulanso za zipolopolo zake, zimene zidali za mtundu wotambasuka uja, ndi kudzudzula bwalo loyamba chifukwa chosalabadira umboni wa katswiri wa apolisi pa zimenezi. Motero chipolopolo chimene adachisankha kusitolo chidasanduka mboni yomutsutsa kukhoti. Mu November 2017 chilango chake chidakwezedwa kufika zaka 13 ndi miyezi 5, ndipo adatulutsidwa mu January 2024 kuti akatsirize chilangocho ali kunja motsata malamulo amene adampatsa.

Wina angati mlandu umenewu udali ndi zokayikitsa zambiri, ndipo ambiri sadakhulupirire nkhani ya mbavayo. Koma ulipo wina umene palibe adaukayikira. Mu May 2004 Rudi Visagie, amene kale adasewerapo rugby m'timu ya dziko, adadzuka m'bandakucha kunyumba kwake pafupi ndi Nelspruit atamva galimoto ya mwana wake ikutuluka pabwalo. Poganiza kuti ikubedwa, adawombera kudzera pazenera la kuchipinda. Woyendetsa adali mwana wake wamkazi wa zaka 19, ndipo adamwalira. Oimira boma pa milandu adaona kuti bamboyu walangidwa kale mokwanira, ndipo sadapitirize mlanduwo. Amuna awiriwa adali odziwa mfuti, mfuti zawo zidagwira ntchito bwinobwino, ndipo onse awiri adakhethemula asadaone nkhope ya amene ankamuwombera. Madzi akatayika sawoleka.

Masiku amene mbava sibwera

Usiku wa mbava mwina udzafika kamodzi pa moyo wa munthu, mwinanso sudzafika konse. Masiku ena onse mfutiyo imakhala ikudikira m'nyumba. Lamulo limalamula kuti ikakhala kuti siili m'thupi mwa mwini wake, ikhale yokhomeredwa m'bokosi lachitsulo lovomerezeka, lomangiriridwa kukhoma kapena pansi, ndipo kuitaya mosasamala ndi mlandu. Apa palinso mphambano ina. Mfuti yokhomeredwa bwino imachedwa kufika m'manja mbava ikalowa, pamene yoikidwa kunsi kwa pilo imafika msanga m'manja mwa mwana, mwa munthu woledzera, mwa wachinyamata wotaya mtima, kapena mwa mwamuna wolusa pa mkangano wa m'banja. Bungwe lofufuza za umoyo la South African Medical Research Council lidapeza kuti mu 2009 mkazi mmodzi ankaphedwa ndi mwamuna wake kapena chibwenzi chake pa maola 8 aliwonse. Kwa akazi otere ngozi idali yogona nawo chipinda chimodzi, ndipo mfuti m'nyumba yotero imangofupikitsa njira ya kumanda. Walira mvula walira matope.

Mfuti imakopanso mbava zomwezo zimene idagulidwira. Chaka chilichonse anthu wamba ku South Africa amakanena kupolisi za mfuti zikwi zingapo zobedwa kapena zotayika, ndipo zambiri mwa izo zimakagwira ntchito ya umbanda. Kunena chilungamo, boma nalo lili ndi mlandu wake pa nkhaniyi. Mu 2016 Christiaan Prinsloo, mkulu wina wa apolisi, adalamulidwa kukakhala kundende zaka 18 atavomera kuti adagulitsa mfuti zoposa 2,000 zimene zidayenera kuphwanyidwa, ndipo zambiri zidakathera m'manja mwa magulu a zigawenga a ku Cape Town.

Mkangano wa 2021

Mu May 2021, nduna ya za apolisi ili Bheki Cele, boma lidatulutsa ganizo losintha lamulo lija kuti kudziteteza kuleke kukhala chifukwa chopatsira munthu chilolezo cha mfuti. Bungwe la Gun Free South Africa lidagwirizana nalo. Otsatira mbali imeneyi amatchula kafukufuku amene Richard Matzopoulos ndi anzake adafalitsa mu 2014, wosonyeza kuti m'mizinda isanu ya dzikolo imfa za mfuti zidatsika chaka ndi chaka kuyambira 2001 mpaka 2005, ndi kuti miyoyo yoposa 4,500 idapulumuka m'zaka zimene malamulo adayamba kukhwima. Mabungwe a eni mfuti, alimi ndi zipani zina zotsutsa boma adakana kwamtuwagalu. Iwo adafunsa kuti boma limene apolisi ake amafika mochedwa, ndipo ena mwa iwo adagulitsapo mfuti kwa zigawenga, lingalande bwanji chida kwa nzika yomvera lamulo. Anthu oposa 100,000 adatumiza maganizo awo, ndipo pofika kumapeto kwa 2024 ganizolo lidali lisadasanduke lamulo.

Mbali zonse ziwiri zili ndi choonadi chake, koma iliyonse imaona munthu mmodzi: ina imaona mayi amene achifwamba akuthyola chitseko chake, inayo imaona mayi amene mwamuna wake watsekula bokosi lachitsulo ali wokwiya. Lamulo labwino liyenera kuona onse awiri, ndipo chimodzimodzinso munthu amene waima pasitolo ndi ndalama m'manja.

Za ana a kuno okhala ku Joni

Nkhaniyi ikukhudza Amalawi mwachindunji. Kuyambira masiku a Wenela ndi Teba anthu a ku Malawi akhala akupita ku Joni kukafuna ntchito, ndipo ambiri a iwo amagwira ntchito yosamala maluwa, yophika, yolera ana ndi yaulonda, akugona m'tizipinda ta kuseri kwa nyumba za mabwana awo. Iwowa ndiwo amayenda pabwalo m'bandakucha ndi kubwera usiku kuchokera kotsiriza ntchito. Mthunzi umene mwini mfuti amauona pazenera kawirikawiri umakhala wawo. Okha amene ali ndi chilolezo chokhazikika ndiwo angapemphe mfuti mwalamulo, ndipo wogula yakuba m'makwalala, ngakhale atati n'njodzitetezera, angakakhale kundende zaka zofika 15. Chowathandiza kwambiri ndicho kugwirizana ndi eni nyumba za nthawi yolowa ndi yotuluka, kuimba foni akachedwa, ndi kusayenda mwakachetechete mumdima pabwalo la nyumba imene muli mfuti.

Kwa mwini nyumba amene watsimikiza mtima kuti mfuti aigula ndithu, mafunso oyamba ndi awa: kodi m'nyumbamo mumagona ndani, ndipo chipinda cha aliyense chili mbali iti? Kodi kuseri kwa khoma lililonse kuli chiyani? Kodi alipo wa m'banjamo amene ali ndi mtima wapachala, wokonda mowa kapena wotaya chiyembekezo? Kodi mwini wakeyo adzapeza nthawi ndi ndalama zokaphunzira kuwombera kawirikawiri, osangoti kamodzi pofuna chikalata? Nanga mipiringidzo ya m'mazenera, maloko olimba, nyali za pabwalo, galu ndi mgwirizano wa anansi zilipo kale? Akayankha amenewa moona mtima, kusankha pakati pa chifefe ndi mfuti yaifupi kumapepuka, ndipo ena amapeza kuti nyumba yawo ndi yotetezeka koposa popanda mfuti.

Makolo adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kumudzi munthu akamva mgugu pakhomo usiku amayamba wafunsa kuti, "Ndani?" ndipo amadikira yankho asadagwire chibonga. Mwambo womwewo ndiwo aphunzitsi a mfuti amauphunzitsa m'makalasi awo ku Pretoria ndi ku Johannesburg, pamene amati munthu asakhethemule mfuti asadaone bwino chimene akuwombera ndi chimene chili kuseri kwake. Tochi ndi liwu lofunsa n'zotsika mtengo kuposa chipolopolo chilichonse cha m'sitolo, ndipo ziyenera kufika pachitseko mfuti isadafike.